Kukumba kapena kufukula? Mafunso ndi mayankho pa mneni wa Chingerezi wakuti *dig up* ndi anzake

Mwana wa m'mbali mwa nyanja ku Nkhotakota, kaya kwawo ndi ku Chia, ku Linga kapena ku Dwangwa, amalidziwa khasu asanagwire cholembera. Amadziwa kukumba, kufukula, kuzula, kugoba ndi kukwirira, ndipo ntchito zimenezi sangazisokoneze ngakhale mutamudzutsa pakati pa usiku. Koma akalowa m'kalasi ya Chingerezi amamva kuti zonsezi ndi *dig*, kenaka n'kupatsidwa mndandanda wa *dig up*, *dig out*, *dig in* ndi *dig into* kuti auloweze pamtima. Ine ndimaona kuti kulowezako n'kumene kumamusokoneza, chifukwa kusiyana kwa mawuwa ali nako kale m'chilankhulo cha makolo ake. Nawa mafunso amene ophunzira ndi aphunzitsi awo amakonda kufunsa.

Kodi *dig* ndi *dig up* si chimodzimodzi? Kamawu kakuti *up* kakuwonjezerapo chiyani?

Kakuwonjezerapo zambiri, ndipo malo oonera bwino kusiyanaku ndi kumanda. Pamudzi pakagwa zovuta, adzukulu amalawirira m'bandakucha ndi makasu, mapiki ndi mafosholo. Pa Chingerezi timati *they dig a grave*, akukumba manda, dzenje limene panalibe. Ndi ntchito yaulemu imene mudzi wonse umaithokoza. Koma mukalemba kuti *they dug up a grave*, mwanena kuti adafukula manda amene munagona kale munthu, ndipo adzukulu aja mwawasandutsa anthu ofunidwa ndi apolisi. M'zaka za 2015 ndi 2016 mawu amenewa ankaoneka m'nyuzipepala zathu za Chingerezi pamene achiwembu ankafukula manda a abale athu achialubino, mpaka mu 2016 Nyumba ya Malamulo idakhwimitsa zilango za milandu yotere.

Tsono gwirani ichi. *Dig* akakhala yekha, dzina lotsatira nthawi zambiri limakhala la dzenje limene mukupanga: *dig a hole*, *dig a well*, *dig a pit latrine*, *dig a trench*. Mukukumba dzenje, chitsime, chimbudzi, ngalande. Koma *dig up* amatsatana ndi chinthu chimene chinali kale m'nthaka ndipo mwachitulutsira poyera, kapena malo amene anali bwinobwino ndipo mwawaswa. Anthu oika mapaipi a madzi akang'amba msewu wa patauni, timati *they dug up the road*. Msewuwo sanaupange, auphwasula.

Aphunzitsi amati mawu otere ndi *phrasal verb*. Chimenechi n'chiyani, ndipo m'Chichewa chilimo?

Ndi mneni amene amayenda ndi kamawu kakang'ono, muonjezi kapena mperekezi, ndipo awiriwo pamodzi amapereka tanthauzo limodzi. Samuel Johnson, amene adatulutsa mtanthauziramawu wake wotchuka mu 1755, adaona kale kuti aneni amtunduwu amasautsa alendo ophunzira Chingerezi, ndipo dzina lakuti *phrasal verb* lidafala ndi buku la Logan Pearsall Smith la mu 1925. Choncho wophunzira wa ku Benga amene akuvutika nawo lero asadzione ngati mbuli. Vutoli ndi lakale.

M'Chichewa ntchito yomweyi timaigwira ndi misintho ya aneni. Timati tseka, tsekula, mata, matula, vundikira, vundukula. Timati kumba, kumbira, kumbitsa, kumbika. Ife timaphatikiza kachidutswa kumapeto kwa tsinde la mneni, pamene Chingerezi chimaika kamawu kapadera pambuyo pake. Nthawi zina ife timangosintha mneni yense: kukumba kumasanduka kufukula. Ndiye mukakumana ndi *dig up*, musayambe ndi kufunsa kuti *up* ndi chiyani. Dzifunseni kuti pamenepa kwathu tikadati kukumba kapena kufukula. Mukapeza kuti ndi kufukula, *up* akufunika.

Nanga chinangwa? Timati *dig cassava* kapena *dig up cassava*?

Zonse ziwiri n'zolondola, ndipo apa ndi pamene lamulo lija limafewerapo. Angerezi eni ake amati *dig potatoes* akamanena za ntchito yokolola mbatata. Choncho mayi amene walawirira kumunda kuti akapeze chinangwa choti asende, aviike m'madzi masiku angapo, ayanike ndi kusinja ufa wa kondowole, tinganene za iye kuti *she has gone to dig cassava*. Tikunena ntchito imene wapitira. Koma tikafuna kuonetsa kuti chinangwacho chatulukadi m'nthaka, kapena kuti munda wonse watha, *up* amalowapo: *she dug up the whole field*. Kamawuka kali ndi mphamvu ziwiri, yoloza kumwamba ndi yosonyeza kuti ntchito yatheratu, monga momwe *eat up* amatanthauzira kudya osasiyako.

Ndi chifukwa chake mlimi wa kufupi ndi nkhalango ya Nkhotakota, polemba dandaulo lake kwa oyang'anira nyama zakutchire, ayenera kulemba kuti *bush pigs dug up my cassava*. Nguluwe sizikolola, zimafukula. Akalemba *dug my cassava* wowerenga amva ndithu, koma kupweteka kwa nkhaniyo kwachepa. Ndipo ngati dothi ndi lamchenga moti mwangogwira phesi n'kukoka, pamenepo simunakumbe. Mwazula, ndipo Chingerezi chake ndi *pull up* kapena *uproot*.

Kodi *dig up* ndi *dig out* amasiyana pati? Onse si kutulutsa chinthu?

Onse ndi kutulutsa, koma mtima wake ndi wosiyana. Taganizani za ng'ona za mumtsinje wa Bua. Ng'ona yaikazi imakumba dzenje mumchenga, kuikiramo mazira ndi kuwakwirira, ndipo imalondera pafupi kwa miyezi pafupifupi itatu. Ikangochokapo pang'ono, ng'azi imabwera kudzafukula mazirawo kuti idye: *the monitor lizard digs up the eggs*. Koma tiana tikayamba kulira m'kati mwa mchenga, make amafukula chisacho, kutitola pakamwa ndi kupita nato kumadzi: *the mother digs the young out*. Ng'azi yavundukula chobisika. Ng'ona yapulumutsa chotsekeredwa.

*Dig out* amamveka pamene chinthu chakanirira, chakwiririka kapena chapanikizika, ndipo pafunika thukuta kuti chimasuke. Namondwe wa Freddy atagumula phiri la Soche mu March 2023, anthu a ku Chilobwe ankakumba matope ndi makasu ngakhale ndi manja kufunafuna abale awo, ndipo olemba nkhani ankagwiritsa ntchito *dig out* ponena za amene adatulutsidwa m'matopemo. Lole ya mpunga ikatitimira pa msewu wafumbi nthawi ya dzinja, anyamata a m'mudzi amathandiza: *they dug the lorry out*. Bwato limene mafunde a mwera alikwirira ndi mchenga usiku, nalonso m'mawa *you dig it out*.

Palinso tanthauzo lina la m'nyumba, lopanda dothi ndi khasu lomwe. Mukafunafuna satifiketi yanu ya Sitandade 8 pansi pa sutikesi, mpaka kuipeza pakati pa zovala zakale, mumati *I dug out my old certificate*. Kwathu timati ndachita kuifukula, ndipo fanizo lake ndi lomwelo.

Ndamva bwato likutchedwa *dugout*. Kodi pali ubale?

Ulipo weniweni. Mmisiri wa mabwato amagwetsa mtengo waukulu, kuusema kunja ndi nkhwangwa, kenaka n'kugoba m'kati ndi kasemasema mpaka patsale mphako yokwanira msodzi, nkhafi ndi ukonde wake. Kugobako pa Chingerezi ndi *dig out*, ndipo chinthu chogobedwacho chidatenga dzina kuchokera pamenepo: *a dugout canoe*, kapena mwachidule *a dugout*. Onani kuti likakhala dzina timalemba mawu amodzi, koma akakhala mneni timalekanitsa: *he dug out the log*.

Okonda mpira adalimvanso dzinali pa wailesi. Malo amene mphunzitsi wa timu ndi osewera apanja amakhala, monga pa bwalo la Chitowe ku Dwangwa, amatchedwa *dugout* chifukwa m'mabwalo akale malowa ankakumbidwa kutsika pansi pang'ono. Lero ambiri ndi benchi chabe yokhala ndi denga, koma dzina lidatsala.

Chifukwa chiyani aphunzitsi adandichongera kuti ndalakwa nditalemba *dig up it*?

Chifukwa mlowam'malo malo ake ndi pakati. Ndi dzina muli ndi ufulu: *dig up the cassava* kapena *dig the cassava up*, zonse zili bwino. Koma mukachotsa dzinalo n'kuikapo *it*, *them*, *him* kapena *her*, kamawuko kayenera kulowa pakati: *dig it up*, *dig them out*. Wolankhula Chichewa asadabwe nazo, pakuti ifenso timati ndachifukula, ndawatulutsa, kuika "chi" ndi "wa" m'kati mwa mneni.

*Dig into* yekha ndiye salola kugawidwa, chifukwa *into* ndi mperekezi ndipo amafuna dzina lake patsogolo. Timati *dig into the matter*, *dig into it*. Palibe *dig it into* pokhapokha mutatchula kumene mukuchilowetsa, monga *dig it into the soil*.

Nthawi yakale ndi *digged* kapena *dug*?

Ndi *dug*: *dig, dug, dug*. Amene amawerenga Baibulo lakale la Chingerezi la King James, la mu 1611, adzapezamo *digged*, ndipo si kulakwitsa kwa osindikiza ayi, ndi Chingerezi cha nthawi imeneyo. Pa mayeso a lero chimenecho achonga kuti n'cholakwa. Kumbukiraninso kuwirikiza g polemba *digging*. Pa katchulidwe, *dug* amamveka pafupi ndi "dag", osati "dug" monga tingawerengere m'Chichewa, ndiponso osati *dog*, amene ndi galu.

M'nyuzipepala ndimawerenga *dig up evidence*, *dig into the accounts*. Dothi lili pati pamenepa?

Dothi lake ndi mafayilo, malisiti ndi chinsinsi cha anthu. Nkhani ya kubedwa kwa ndalama za boma ku Capital Hill, imene tonse timaitcha Cashgate, itaphulika mu September 2013, akatswiri owerengera ndalama a kampani ya Baker Tilly adaitanidwa kudzafufuza. Ntchito yawo yolowa m'mabuku, tsamba ndi tsamba, tinganene kuti *they dug into the accounts*. Zimene adatulutsamo, malipiro a katundu amene sadaperekedwe n'komwe, tinganene kuti *they dug up evidence*. *Into* akuloza kumene wofufuza akulowera, *up* akuloza chimene watuluka nacho. Munthu angathe kuchita *dig into* mwezi wathunthu osapeza kanthu, koma sanganene kuti *I dug up* alibe chogwirika m'manja.

Chenjerani ndi *dig up dirt on someone*. Kumeneko si kufufuza kofuna chilungamo. Ndi kusakasaka zonyansa za munthu kuti umuyalutse, zija zimachuluka nthawi ya kampeni. Palinso *dig into your savings*, kutapa ndalama zimene udasunga. Mwera ukalimba mu June ndi July, mabwato n'kukhala pamtunda masiku otsatizana, banja la msodzi limatapa za ku banki m'khonde kuti ligule ufa: *they dig into their savings*. Mawuwa amamveka kuti kutapako n'kowawa, si kwachisangalalo.

Anthu amati *don't dig up the past*. Kodi kufufuza mbiri yakale n'kulakwa?

Funso ili ku Nkhotakota ndi lolemera kuposa galamala. M'zaka za m'ma 1840 Salim bin Abdallah, Mswahili wochokera kugombe la nyanja yamchere, adakhazikika pano ndi kuyambitsa ufumu wa a Jumbe. Kuchokera pa doko lino zombo zinkawolotsa minyanga ya njovu ndi anthu ogwidwa ukapolo kupita tsidya la kum'mawa, kumene ankayamba ulendo wapansi wopita ku Kilwa. David Livingstone adafika kuno mu 1861, ndipo atabweranso mu 1863 adakambirana ndi Jumbe pansi pa mkuyu umene alendo amakaona mpaka lero kufupi ndi chipatala cha St Anne's. Mu 1889 Harry Johnston adapangana pangano ndi Jumbe wa nthawi imeneyo, ndipo ulamuliro wa a Jumbe udatha m'zaka za m'ma 1890. Bishopu Chauncy Maples, amene adamira panyanja mu 1895, adaikidwa m'tchalitchi cha All Saints pompano. Zidzukulu za ogulitsa, za ogulitsidwa ndi za amene ankangoyang'ana zimakhala mudzi umodzi, zimakwatirana, zimagula usipa pa msika umodzi, ena popita ku mzikiti ena ku tchalitchi.

Tsono Chingerezi chili ndi njira ziwiri zonenera za kubwerera ku mbiri yotere. *Dig up the past* kawirikawiri ndi mawu odzudzula, ofanana ndi athu akuti bwanji mukukumba zakale. Amanenedwa kwa munthu amene wautsa nkhani yogona kuti apweteke mnzake, monga wokumbutsa banja lina pa mlandu wa malo kuti agogo awo adabwera omangidwa. Koma *dig into the past*, kapena *dig into the history of Nkhotakota*, ndi mawu aulemu, onena za wofufuza amene akufuna kumvetsa. Ine ndili kumbali ya kufufuzako, ndipo ndimadandaula kuti ana ambiri a m'boma lino amadziwa za mkuyu uja kuchokera m'buku la mayeso, osati kwa agogo awo. Kuopa kuyalutsana kusatiletse kufunsa. Chofunika n'chakuti wofunsayo adziwe chimene akufunsira.

Pali anthu amene zakale amazikumba ndi manja enieni. K.R. Robinson adayenda m'mbali mwa nyanja muno kufufuza malo a midzi yakale, ndipo zimene adapeza zidasindikizidwa mu 1979 ndi nthambi ya boma yoona za zinthu zamakedzana. Yusuf Juwayeyi adakumba ku Mankhamba, kufupi ndi Mtakataka, likulu la a Kalonga a Amaravi, ndipo adafukula mikanda yagalasi, zinthu zamkuwa, minyanga ndi zidutswa za mbale zochokera ku China. Ku Uraha, m'boma la Karonga, mu 1991 kudapezeka nsagwada ya munthu wamakedzana ya zaka zoposa 2 miliyoni. Za onsewa tinganene kuti *they dug up pottery, beads and bones*, ndipo malo amene akugwirapo ntchitoyo amangotchedwa *a dig*.

Kodi mjigo timati *dig a borehole*?

Ambiri kuno amatero chifukwa m'Chichewa timati kukumba mjigo. Koma mjigo umabooledwa ndi makina, choncho mawu oyenera ndi *drill a borehole* kapena *sink a borehole*. Chitsime chokumba ndi manja ndicho *dig a well*. Polemba kalata yopempha mjigo ku khonsolo, gwiritsani ntchito *drill*.

Pa mayeso a MSCE, ndilembe *dig up* kapena ndisankhe mawu aakulu?

Popeza popanda kukhoza Chingerezi satifiketi ya MSCE sipezeka, funsoli ndi lanzeru. Chingerezi chili ndi mawu a magulu awiri. Ena ndi aafupi, a tsiku ndi tsiku. Ena ndi aatali, ambiri mwa iwo ochokera ku Chilatini ndi Chifalansa, amene adalowa pambuyo poti a Norman agonjetsa England mu 1066. Motero *dig up* ali ndi anzake a mu ofesi: *exhume* ponena za mtembo wofukulidwa mwalamulo, *excavate* ponena za akatswiri a zamakedzana kapena makina omangira, *unearth* ponena za chobisika chimene chapezeka. *Dig into* mnzake ndi *investigate*.

Polemba lipoti kapena kalata ya ntchito, mawu aataliwa ndi oyenera: khoti limalamula kuti *the body be exhumed*. Koma polemba chimangirizo chofotokoza zimene zidachitika pamudzi, mawu aafupi ndiwo ali ndi moyo. Ophunzira athu ambiri amakhulupirira kuti liwu lalitali ndilo lanzeru, mpaka kulemba kuti *my mother excavated cassava*. Wochonga akawerenga zotere amaona makina a chikasu ali m'munda mwa mayi anu. Mayi anu *dug up cassava*, basi, ndipo chiganizo chimenecho n'chokhoza.

Mlendo wina titamuikira nsima adati *let's dig in*. Ankafuna kukumba chiyani?

Sankafuna khasu. *Dig in* ali ndi matanthauzo angapo, ndipo onse amaloza m'kati, kusiyana ndi *up* ndi *out* amene amatulutsa. Loyamba ndi la kumunda: *dig in the manure*, kapena *dig the manure in*, kukwirira manyowa kapena mapesi kuti asakanikirane ndi dothi, monga alangizi amalimbikitsira m'malo motentha. Lachiwiri ndi la asilikali: kukumba maenje obisalamo ndi kukhazikika osasuntha, monga zidachitikira pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, pamene chakumapeto kwa 1914 magulu a mbali zonse adakumba ngalande kuchokera kunyanja yamchere mpaka kumalire a Switzerland. Kuchokera pamenepo mawuwa amanenedwanso za munthu wokakamira maganizo ake. Pa mkangano wa mtengo wa mpunga, alimi akakana kutsitsa ndipo ogula akakana kukweza, timati *both sides dug in*. Ena amati *he dug his heels in*, kuponda chidendene pansi ngati mbuzi yokana kukokedwa kupita kumsika.

Tanthauzo la mlendo wanu ndi la pa chakudya: tiyeni tiyambe kudya, tisachite manyazi. Ndi mawu ansangala, osonyeza kuti kondowole ndi chambo chanu zamukopa, choncho musamuone ngati wamwano. Koma inu muwasamale. *Dig in* ndi mawu a pakati pa anzako, a msinkhu umodzi, kapena kholo kwa ana ake. Simungawanene kwa apongozi, kwa a gulupu, kwa a shehe kapena kwa abusa amene abwera kudzacheza. Kwa iwo, mukawathirira madzi osamba m'manja ndi kuvundukula mbale, Chingerezi chaulemu ndi *please help yourself*, ndipo mudikire kuti iwo ayambe kutema mbamu.